Mayi Theka ndi Dazi la Amuna Awo

Dzina loti Mayi Theka silinachokere kwa makolo. Analipata kuntchito, pamalo ochapira zovala omwe ali kuseri kwa sitolo ya nsapato, komwe akhala akuchapa ndi kusita kuyambira ali mtsikana mpaka pano imvi zayamba kusuzumira m'mphepete mwa mpango.

Zinayamba ndi sopo. Tsiku lina kunafika munthu wa tayi ndi katoni ya sopo waufa watsopano, pamodzi ndi chikwangwani cha mayi wina akumwetulira mano onse panja, atanyamula shati yoyera mbee. Pansi pake panalembedwa kuti sopoyo amayeretsa kuwirikiza katatu. Anzawo a pantchito anaunjikana n'kumagwedeza mitu. Mayiwa anangopukuta manja pa epuloni n'kufunsa kuti, "Katatu kuposa chiyani?"

Watayi uja anayang'ana chikwangwani chake, mwina poganiza kuti yankho labisala pakona, koma panalibe. Pamenepo mayiwa anatenga pilokesi yakale yothimbirira ndi thukuta la mlendo wina wake n'kuing'amba pakati. Theka lina anachapa ndi sopo watsopanoyo, linalo ndi sopo wa masiku onse. Madzi anali ofanana, manja omwewo, chingwe choyanikira chomwecho. Zitauma anazisita n'kuziyala pathebulo, osanena kuti ichi n'chiti. Palibe anasiyanitsa, ngakhale bwana wawo amene anachita kuvala magalasi ndi kupita nazo pazenera. Watayi uja anali atazemba kale, akuti akuthamangira basi. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo lenileni linayamba kuiwalika.

Khalidweli sanalisiye kuntchito, anafika nalo kunyumba, ndipo amene anavutika nalo ndi ana. Polishi yatsopano itabwera yoti imawala mlungu wathunthu, mwana wawo wamkazi anapita kusukulu nsapato imodzi yopakidwa, ina ayi, ndipo mpaka lero akaikumbukira nkhaniyi saseka. Uthenga utazungulira pafoni woti anyezi woikidwa pansi pa bedi amathamangitsa udzudzu, anyezi anaikidwa kuchipinda kwa ana kokha, m'mawa aliyense n'kuonetsa mikono. Udzudzu unadya zipinda zonse ziwiri mosakondera, kungoti chipinda cha ana chinanunkha masiku atatu.

Wailesi nayo sinkapuma. Akamasita, imakhala pashelefu pamwamba pa mabasiketi, ndipo amayankhana nayo ngati mlamu wawo. Ikanena kuti madokotala asanu ndi anayi mwa khumi amavomereza mankhwala akutiakuti otsukira mano, iwo amaimika simbi n'kunena kuti, "Nanga wakhumiyo anaona chiyani? Ameneyo ndiye ndikufuna ndicheze naye." Ikanena kuti katundu watsala pang'ono, thamangani, iwo amati katundu ameneyo wakhala akutsala pang'ono kuyambira chaka chatha.

Tisawanamizire, sikuti ankakana chilichonse. Mankhwala ena ochotsa inki pamatumba a mashati atawayesa pa theka la thumba, inki inachokadi, ndipo anawatamanda mwezi wathunthu kwa aliyense, ngakhale amene sanafunse. Chilema chawo chinali kwina. Mayi Theka akakhala kuti alondola, sankatha kulondola mwakachetechete. Ankafuna mboni, ndipo mboni zikachuluka m'pamene mtima wawo unkakhala m'malo.

Amuna awo anali munthu wamtundu wina. Anali wometa, ndipo mtauni monse ankawatchula kuti a Lumo. Babashopu yawo inali kachipinda ka mpando umodzi, galasi lalikulu losweka pakona, ndi benchi imene anthu ankakhalapo ngakhale tsiku lomwe sakumetetsa. Anali wofatsa, wosachedwa kukhulupirira munthu, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu nawonso ankawakhulupirira. Bambo akabwera ndi mwana wa zipere, a Lumo sankamugulitsa kanthu, ankangoti pitani naye kuchipatala. Akakuuza kuti kametedwe aka sikakukhala, unkamvera, chifukwa sankanena zoti akusangalatse. Zaka makumi atatu mawu awo pa nkhani ya mutu anali omaliza.

Koma wometayu analibe tsitsi. Dazi linawapeza asanakwanitse zaka makumi atatu, linayambira pachipumi n'kukwera mpaka kukatsikira kunkhongo, n'kungowasiyira kampanda m'mbali mwa makutu. M'mawa uliwonse ankapala mutu wonse ndi lumo kuti ziziyenderana. Anthu a pabenchi ankawaseka kuti ndi wophika wosalawa, iwo n'kumaseka nawo. Mayi Theka ankaganiza kuti nkhani ya dazi inatha kalekale mumtima mwa amuna awo, ndipo apa m'pamene anaphonya koyamba.

Munthu amene anaidzutsa nkhaniyi anali wotsatsa mafuta a tsitsi otchedwa Mphukira. Ankavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, choncho a pabenchi anangomutcha Jekete. Analowa mubabashopu Lachiwiri lina, anayang'ana mutu wa a Lumo monga mmene mlimi amayang'anira munda wogonera, n'kunena kuti sanabwere kudzagulitsa. Anabwera kudzapempha thandizo. Kampani yake inkafuna munthu wodziwika, wokhulupirika, woti anthu akaona nkhope yake asafunsenso mafunso. Awajambula lero, adzola mafutawo milungu isanu ndi umodzi osapala mutu, kenako awajambulanso. Zithunzi ziwirizo zidzaikidwa pachikwangwani m'mababashopu onse ndi kumbuyo kwa mabasi, pansi pake mawu oti wometa wa zaka makumi atatu akuchitira umboni.

Madzulo ake a Lumo anafika kunyumba ndi mabotolo atatu m'jumbo, akuyenda ngati munthu amene wanyamula mazira. Mayi Theka anatenga botolo limodzi n'kulitembenuza. Zolembedwa kutsogolo zinali zazikulu zoti ungawerenge uli tsidya la msewu. Za kumbuyo zinali zoti uchite kufinya maso, ndipo pamzere womaliza panati zotsatira zimasiyana munthu ndi munthu.

"Abambo, chithunzi choyambacho anakujambulirani pati?"

"Pakhomo, panja. Anati pakhale kuwala."

"Masana dzuwa lili paliwombo?"

"Eya. Anandipalanso mutu yekha, n'kunena kuti ndiwerame pang'ono."

"Nanga nkhope musekerere kapena ayi?"

"Anati ndikhale ngati ndikuganiza za mavuto." A Lumo anazindikira kumene mafunsowo ankalowera, ndipo anachita chinthu chimene sankachitachita. Anaumitsa khosi. "Mayi, m'nyumba muno mwang'amba mapilokesi, mwayendetsa mwana ndi nsapato imodzi, ine osanena kanthu. Koma mutu uwu ndi wanga. Musaung'ambe."

"Ndani wanena zong'amba?" anatero Mayi Theka, nkhope ili phee.

Mumtima munali mosiyana. Anachita mantha, ndipo si dazi limene linawaopsa. Ankaona kale nkhope ya amuna awo kumbuyo kwa basi, ikuuza abambo a tauni yonse kuti gulani, ndipo ankaona abambo omwewo patapita miyezi itatu, mitu ili mbee ngati kale, akudutsa pababashopu osapereka moni. Jekete akanakhala atasamukira tauni ina ndi jekete lake. Wotsala ndi manyazi akanakhala munthu amene sananamizepo aliyense chiyambire.

Mwayi unabwera wokha. Kapepala ka m'botolo kanati mafutawo apakidwe madzulo aliwonse, ndi kutikita mphindi khumi. Tsono wometa amaona mitu ya anthu onse kupatula wake. A Lumo atayesa okha tsiku loyamba, mafuta anathera m'makutu ndi pakolala. Tsiku lachiwiri anakoka kampando ka kukhitchini, anakhala chofulatira zenera dzuwa likupendeka, n'kunena mwamanyazi kuti, "Mayi, tandithandizani."

Mayi Theka anavomera msanga kwambiri moti munthu wochenjera akanakayika. Pazenera, kumbuyo kwa amuna awo, anaikapo timbale tiwiri. M'kamodzi anathiramo Mphukira. M'kenako anathiramo mafuta ophikira a m'botolo la pashelefu. Dzanja lamanja linkatapa Mphukira n'kutikita mbali ya kumanja, lamanzere linkatapa ophikira n'kutikita mbali ya kumanzere, ndipo malire ankatsata mphuno. Munthu amene wakhala akusita mzere wa thalauza zaka zonsezi saphonya pakati. Fungo silinawavute, chifukwa Mphukira ankanunkhira mwaukali moti ngakhale mphaka ankatuluka m'khitchini.

Chikumbumtima chitawagogoda, anachiyankha kuti sanang'ambe kanthu, mutu uli wathunthu. Komanso akanawauza amuna awo, diso lawo likanayamba kukondera mbali imodzi, popeza munthu amaona chimene akufuna kuona. Anachita zimenezi kuti awateteze. Koma kunena zoona, zinkawakomanso.

Madzulo aliwonse zinkayenda chimodzimodzi. A Lumo ankafika, kusamba m'manja, kukoka kampando. Poyamba ankakhala chowuma ngati ali pachipatala. Pofika mlungu wachiwiri mapewa anayamba kugwa, maso kutsinzina, ndipo nthawi zina ankang'ung'udza kanyimbo kosadziwika mutu wake. Anayambanso kufotokoza nkhani za pabenchi, zimene kale ankazisiya kubabashopu komweko: zoti Aphunzitsi, amene anapuma ntchito koma sanapume kuphunzitsa, akangana ndi a Telala pa nkhani ya mpira, zoti mwana wina analuma chala cha bambo ake poopa makina. Mayi Theka ankayankha kuti "eya" ndi "kodi", koma maganizo awo onse anali pa malire, kuti dzanja lina lisalowe m'munda mwa linzake.

Mlungu wachitatu ubweya unatuluka. Unali wofewa, wotuwa, wonga wa pamimba pa mwana wa mbewa, koma unalipo. A Lumo anabwera ndi kagalasi kakang'ono kuchokera kuntchito n'kuima nako kutsogolo kwa galasi la kuchipinda, akupotoza khosi uku ndi uku.

"Mayi, mukuona?"

"Ndikuona."

Ankaonadi. Anawagwira chibwano n'kutembenuzira mutu kuzenera monga amachitira ndi kolala yokayikitsa, kumanja kenako kumanzere. Ubweya wa Mphukira ndi ubweya wa mafuta ophikira unali wofanana ndendende, kutalika kwake ndi kutalikirana kwake. Unali ubweya womwe uja umene lumo linkauchotsa m'mawa uliwonse usanaoneke. Sunamere chifukwa chodzola, unangosiyidwa.

Apa m'pamene anayenera kunena. Anatsegula pakamwa, koma amuna awo anali akuimba mluzu, akusisita pamutu ndi nsonga za zala, ndipo mawu anabwerera. Anati anena mawa. Mawa lake anati adikire mlungu wina kuti umboni ukhwime. Mlungu wachisanu anayesadi, anayamba ndi kuti, "Abambo, bwanji mutakhala kuti mafutawa..." koma a Lumo anakweza dzanja osatsegula maso n'kunena kuti, "Lero lokha musafunse mafunso, mayi. Pitirizani pomwepo." Iwo anapitiriza. Pansi pa mtima panalinso kamawu kena kosayenera, konena kuti nkhani yokoma chonchi ndi yowononga kuinenera m'khitchini mopanda anthu.

Kubabashopu zinthu zinali zitayamba kutentha. A pabenchi ankaimirira kudzayendera mutu wa a Lumo m'mawa uliwonse. Aphunzitsi, amene nawonso pamwamba panayamba kuyera, anati akungodikira mawu amodzi. Bambo wina wachinyamata, woyendetsa lole, amene sankavula kapusi ngakhale pometetsa mpaka atakhala pampando, anafunsa monong'ona kuti, "A Lumo, ndigule? Inu mukati gula, ndigula." A Lumo anati adikire Loweruka, tsiku la chithunzi chachiwiri.

Loweruka lija Mayi Theka anapempha kuchoka kuntchito masana. Anali ndi chifukwa chabwino, chifukwa amuna awo anapempha shati yoyera yojambulitsira, ndipo anaisita okha mpaka kolala kuima. Atafika anapeza babashopu yadzaza, ena ataima pakhomo. Jekete anali pakalapakala. Mpando anauchotsa pamalo pake n'kuukankhira pakona. Katani anaitseka theka. Tsitsi la m'mbali mwa makutu, limene tsopano linali litakula, analipesera m'mwamba. Kenako anauza a Lumo kuti akweze chibwano, ayang'ane kudenga pang'ono, ndipo asekerere ngati alandira uthenga wabwino.

Mayi Theka anapereka shati, n'kupempha kuona chithunzi choyamba. Jekete anawaonetsa pafoni monyadira. Munali mutu wowerama, wopalidwa kumene, ukunyezimira padzuwa la masana, ndi nkhope ya munthu amene katundu wake wabedwa.

"Achimwene, bwanji chachiwirichi osajambulira pakhomo pomwe paja?"

"Kuwala kwa lero n'koipa, mayi."

"Dzuwa lake si lomwe lija?"

"Izi n'zaukatswiri, mayi, musavutike nazo." Jekete anaseka, n'kuyang'ana abambo a pabenchi kuti aseke naye, ndipo awiri atatu anasekadi.

Kusekako n'kumene kunamaliza nkhani. Mawu a Mayi Theka anatuluka ofewa ngati a munthu wopempha nzeru.

"Pepani, ine ndine wochapa chabe. Koma ndine ndakhala ndikuwapaka, ndipo ndili ndi nkhawa. Manja angawa sagwira ntchito mofanana. Mbali ina yadya Mphukira wambiri kuposa inzake. Inu odziwa, tayang'anani, ndi mbali iti imene yapindula?"

Jekete akanatha kunena kuti sakuona kusiyana. Koma munthu wogulitsa mankhwala omeretsa tsitsi sanganene pagulu kuti pothira pambiri ndi pothira pang'ono m'pofanana. Anazungulira mpando, anawerama, anafinya diso limodzi, anayendetsa chala pamwamba pa ubweya uja. Aphunzitsi nawo anaimirira, a Telala pambuyo pawo, mpaka mutu wa a Lumo unazingidwa ngati ngozi ya pamsewu.

"Kumanzere," anatero Jekete. "N'zoonekeratu. Taonani kuthithikana kwake. Apa mizu yadzuka."

"Inenso ndimati kumanzere," anatero Aphunzitsi, amene sankafuna kutsalira pa yankho lolondola.

"Mwatsimikiza, achimwene?"

"Mayi, ntchito imeneyi ndaigwira zaka zisanu ndi ziwiri."

"Zikomo," anatero Mayi Theka. "Kumanzereko Mphukira sanafikeko ngakhale dontho. Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikupakako mafuta ophikira."

A Telala anaphulika ndi kuseka, ndipo benchi yonse inatsatira. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola, akufotokoza pakati pa chifuwacho kuti iwo anakayika kuyambira pachiyambi. Wina anafunsa ngati mafutawo anali atsopano kapena okazingira kale. Wina anati a Lumo asaime padzuwa, angapse mbali imodzi. Woyendetsa lole uja anakokera kapusi yake m'maso, mapewa akugwedezeka. Jekete anayamba kunena zoti mafuta amayenda pansi pa khungu kuchoka mbali ina kupita ina, koma Mayi Theka anamufunsa chifukwa chake ayenda n'kukagwira ntchito kwambiri kumene sanathiridwe, ndipo phokoso linakwera kawiri.

Zinawakoma. Tisabise, zinawakoma kuposa tsiku la pilokesi. Anayang'ana nkhope imodzi imodzi, akukolola, mpaka maso awo anafika pagalasi lalikulu lija. M'galasimo munali amuna awo, atakhala pampando pakona, atavala shati yoyera, tsitsi la m'mbali litapesedwera m'mwamba, chibwano chikadali chokwezeka pang'ono monga anauzidwira. Sankaseka. Anthu sankamuseka Jekete yekha, ndipo Mayi Theka anazindikira zimenezi mochedwa.

A Lumo anaimirira pang'onopang'ono. Anatenga mabotolo amene Jekete anali atandanda pashelefu n'kuwaika m'manja mwake.

"Achimwene, chithunzi sichijambulidwa. Choyambacho mufufute ndikuona." Anadikira mpaka chinafufutidwa. Kenako anatembenukira kwa woyendetsa lole. "Musagule." Anabweza mpando pamalo pake, anatsegula katani, anatenga makina n'kudzimeta okha kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, ubweya wa milungu isanu ndi umodzi ukugwera pashati yoyera. Atamaliza anakung'untha nsalu yometera n'kunena kuti, "Wotsatira." Sanayang'ane n'komwe kumene kunali akazi awo.

Masiku atatu otsatira m'nyumba munali ulemu wokhawokha, umene ndi woopsa kuposa mkangano. A Lumo ankadzuka, kupala mutu, kuthokoza chakudya, kupita kuntchito. Anayamba kuvala chipewa chimene chinakhala pamsomali zaka zambiri. Madzulo ankakhala pabalaza ndi nyuzipepala, tsamba lomwelo mpaka mdima. Kampando kanakhala pansi pa thebulo.

Nkhani inali itafika kale kochapira. Anzawo anawalandira Mayi Theka ngati ngwazi, bwana anachita kubwera kudzamva yekha, ndipo aliyense ankafuna abwerezenso pamene Jekete anati mizu yadzuka. Mayi Theka anafotokoza kamodzi, kachiwiri anati atopa. Wailesi inalengeza za tiyi wochepetsa mimba m'masiku asanu, iwo osaiyankha. Lachiwiri anapsereza kolala ya shati ya kasitomala, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire ntchito, ndipo anaima n'kumayang'ana chipsera chija nthawi yaitali. Anali atalondola, dzina la amuna awo silinakwere basi ya bodza, woyendetsa lole sanapusitsidwe. Komabe zinkawawawa, chifukwa ankadziwa kuti zonsezi zikanatheka m'khitchini, pa anthu awiri, ndipo anasankha benchi yodzaza chifukwa ankafuna kuombedwa m'manja.

Kupepesa sinali ntchito imene anaizolowera. Anakonza mawu ali m'basi, koma akawayesa mumtima ankangotulukamo mawu oti "komabe", ndipo ankadziwa kuti kupepesa kokhala ndi "komabe" n'kukangana kovala bwino.

Lachitatu madzulo, dzuwa likupendeka, anali kukhitchini akutsuka mbale pamene anamva kukwekwesa pansi. A Lumo anali akukoka kampando. Anakaika pamalo paja, chofulatira zenera, anavula chipewa n'kuchiika pabondo, n'kukhala. Mutu unali wopalidwa bwino, ukuwala.

Mayi Theka anaima ndi mbale m'manja.

"Abambo, ndinalakwa. Ndikanakuuzani kuno."

"Mukanandiuza kuno," anavomera a Lumo, osatembenuka. "A Telala akunditcha Chiwaya. Dzinali likhala, ndikuwadziwa anthu aja."

"Pepani."

"Chithunzi chija ndikanajambulitsa, mayi. Ndikanachita nacho manyazi mpaka kumanda. Pamenepo munandigwira dzanja, sindikana." Anatembenuza chipewa pabondo. "Koma musaganize kuti Jekete anandipusitsa yekha. Ndinamuthandiza."

"Munakhulupirira. Munthu aliyense amakhulupirira."

"Mlungu woyamba, eya. Munthu umafuna. Koma ine ndameta mitu ingati? Tsitsi ndalionapo likubwerera padazi kangati? Ubweya uja ndimaudziwa, ndimaupala m'mawa uliwonse. Pagalasi paja ndinauzindikira tsiku lomwelo."

Apa Mayi Theka wakale anadzuka, chifukwa nkhaniyo sinkagwirizana. Anaika mbale pansi.

"Nanga ngati munadziwa, bwanji munkaimba mluzu? Bwanji osanena kuti sizikugwira, tisiye?"

A Lumo anatembenuzanso chipewa pabondo. Makutu awo okha ndi amene ankaoneka kuchokera kumbuyo, ndipo ankagwedera pang'ono ngati a munthu amene akutafuna mawu.

"Ndikananena, mukanasiya kupaka."

Mayi Theka, amene sanasowepo funso pamaso pa wailesi, wotsatsa malonda kapena bwana, anafufuza m'mutu mwawo ndipo sanapezemo ngakhale limodzi. Milungu isanu ndi umodzi anayang'anitsitsa mutu umenewu madzulo aliwonse, mbali ndi mbali, ndipo sanaone kuti mwini wake ankabwerera chiyani pakampando. Manyazi anawagwira, ndi chisoni, ndi kanthu kena kofunda kamene anali atakaiwala dzina.

Anapukuta manja pa epuloni, anatenga botolo la mafuta ophikira pashelefu, anathira pang'ono pachikhatho n'kupaka manja onse awiri pamodzi mpaka atafunda.

"Tsitsi silimera, mukudziwa," anatero.

"Ndikudziwa."

"Weramani pang'ono."

A Lumo anawerama, n'kutsinzina.